Firiji ikasiya kuziziritsa: kuyeza ndi kusintha bodi yoyendetsa kompresa

Nyali ya mkati ikuyaka, fani ikumveka kuzungulira, koma nyama yasungunuka ndipo mkaka wasasa. Zikatere anthu ambiri amangoti gasi watha, n'kuitana munthu woti adzathire wina. Pa mafiriji olembedwa kuti Inverter pachitseko, monga a Samsung, LG ndi Hisense amene achuluka m'nyumba ndi m'magolosale mu Mzuzu muno, gasi amatha kukhala ali bwinobwino, vuto lili pa bodi, kathabwa ka tizipangizo tamagetsi koyendetsa kompresa, makina opopa gasiyo. Wothira gasi akabwera amangoboola paipi yomwe inali yotsekeka, ndalama n'kupita, firiji ili chitenthere.

Kuchotsa bodi yakale ndi kuika yatsopano sikuvuta. Ntchito yaikulu ndi kutsimikiza zinthu ziwiri musanatulutse ndalama: kuti bodiyo yafadi, ndi kuti kompresa ili moyo. Kompresa yopsa imapha bodi yatsopano pongoyatsa, ndipo ogulitsa zipangizo zamagetsi salandira bodi yomwe yalumikizidwa kale.

Onani kaye ngati firiji yanu ili nayo bodiyi

Kokani firiji, mumasule chivundikiro cha kumbuyo pansi, muone kompresa, chija chakuda chobulungira. Mafiriji akale alibe bodi yoyendetsa kompresa. Pambali pa kompresa amangokhala ndi kabokosi kakang'ono kokhala ndi relay yodzutsa kompresa ndi overload yoiteteza ikatentha. Firiji yotereyi ikamalira pang'ono n'kumveka kuti tiki, kenaka zii, n'kubwerezanso pakapita mphindi zingapo, chowonongeka kawirikawiri ndi relay, kanthu kotchipa. Igwedezeni pafupi ndi khutu: ikamachita phokoso la tizidutswa mkati, yaphwanyika.

Kompresa ya inverter ndi yosiyana. Mota yake ili ndi makoyilo atatu ofanana, ndipo sitenga magetsi a pakhoma mwachindunji. Bodi imalandira mavoti 230 a ESCOM, imawasandutsa magetsi a DC okwana mavoti pafupifupi 320, kenaka imawadula n'kumawatumiza ku makoyilo atatu aja mosinthanasinthana. Ikafuna kuziziritsa msanga imathamangitsa kompresa, kukazizira imaichedwetsa. N'chifukwa chake mafiriji amenewa sadya mayunitsi ambiri, komanso n'chifukwa chake bodi ikafa kompresa imangoti duu ngakhale ilibe vuto.

Pali amisiri ena amene amayesa kompresa ya inverter poilumikiza ku soketi ndi relay ya firiji yakale. Musalole zimenezo. Kompresa imawonongeka, ndipo mtengo wa ntchito umakwera kangapo.

Malo a bodi amasiyana. Pa makompresa a kampani ya Embraco, bodi imakhala m'bokosi lapulasitiki lomangiriridwa pambali pa kompresa yeniyeniyo. Pa mafiriji ambiri a Samsung imakhala kumbuyo m'chivundikiro chake, pafupi ndi bodi yaikulu yomwe imalamulira firiji yonse. Ena anaphatikiza zonse pa bodi imodzi. Njira yosasocheretsa ndi kutsata mawaya atatu ochokera pa kompresa: kumene akuthera ndi kumene kuli bodi yomwe mukufuna.

Zimene zimanamizira bodi

Yambani ndi zotchipa. Tsegulani pulagi muyeze fyuzi, ndipo ngati firiji ili pa ekisitenshoni, ichotsenipo muilowetse pakhoma. Yezani soketi ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Ikamaonetsa mavoti otsika kwambiri, bodi zambiri zimakana kuyatsa kompresa podziteteza. Zimenezi zimachitika madzulo anthu akamaphika, makamaka m'nyumba zimene zili kutali ndi thiransifoma kapena zimene zikugawana waya umodzi. Firiji ikamagwira ntchito usiku n'kumalephera madzulo, bodi ilibe mlandu.

Onaninso pa sikirini. Mafiriji ena ali ndi njira yoonetsera firiji m'sitolo yogulitsira, yomwe imayatsa nyali ndi fani koma osayatsa kompresa. Pa Samsung sikirini imalemba OF OF. Ana akamasewera ndi mabatani amatha kuilowetsa mmenemo, ndipo buku la firiji limafotokoza mabatani oitulutsira.

Kenaka ikani dzanja pa kompresa firiji itakhala pamagetsi kwa mphindi 15. Musafulumire kugamula, chifukwa mafiriji okhala ndi bodi amadikira mphindi zingapo asanayatse kompresa, ndiponso ya inverter imayenda mwakachetechete moti khutu lokha lingakunamizeni. Ikamanjenjemera pang'ono ndipo yafunda, ndiye kuti ikuyenda, bodi ikugwira ntchito. Pamenepo funani vuto kwina. Tsegulani chivundikiro cha mkati mwa firiza: mukapeza mapaipi atakwiririka ndi ayisi wochindikala, hita yosungunulira kapena sensa yake yafa, mpweya wozizira ukusowa podutsa. Mukapeza mapaipi ali ouma, kapena ayisi wagwira kachigawo kakang'ono koyambirira kokha pamene kompresa yayenda nthawi yaitali, ndiye nkhani ya gasi ija, ndipo imafuna mmisiri wa zida zake. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a, yemwe amayaka moto, choncho musakolope ayisi ndi mpeni ndipo musayandikize lawi ku mapaipi.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza anthu kuno m'miyezi ya June ndi July. Firiji ya zitseko ziwiri yokhala ndi choyezera kuzizira chimodzi ikakhala m'chipinda chozizira kwambiri, monga pakhonde kapena m'sitolo ya kuseri, imaona ngati yazizira kale ndipo siyatsa kompresa kawirikawiri. Firiza ya pamwamba imayamba kusungunuka. Pa sitika ya firiji pamalembedwa zilembo zosonyeza nyengo yomwe inapangidwira: SN imayambira pa madigiri 10, pamene N, ST ndi T zimayambira pa 16. Ilowetseni m'chipinda chofunda muione masiku awiri.

Ngati kompresa ili yozizira, sikunjenjemera n'komwe, kapena imangogwedezeka kamodzi n'kuleka, pitirizani ndi kuyeza.

Magetsi otsalira m'bodi

Zulani pulagi pakhoma, osangozimitsa switchi. Pa bodi pali kapasita yaikulu yooneka ngati kachitini, yomwe imasunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa. Dikirani mphindi 10, kenaka ikani mita pa DC muyeze pa miyendo iwiri ya kapasitayo. Isonyeze mavoti ochepa zedi musanagwire china chilichonse. Pa bodi yowonongeka magetsiwa amachedwa kutha, chifukwa chipangizo chomwe chinkawadya chafa. Musaigunditse ndi sikuludiraiva kuti ithetheke: mumawononga bodi ndipo mutha kupsa. Valani nsapato, pansi pakhale pouma, ndipo ngati simunagwirepo mita pa waya wamagetsi, gawo loyeza firiji ili pamagetsi musiyire wodziwa.

Zida zake sizambiri: multimeter yoyeza ma ohm, mavoti a AC ndi DC, ndipo ikakhala ndi Hz ndi bwino kwambiri, sikuludiraiva ya nyenyezi ndi yafulati, pulayala yosongoka, tochi, burashi youma, ndi foni yojambulira.

Kuyeza kompresa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Jambulani kaye mmene mawaya alowera. Chotsani chivundikiro cha mapini a kompresa, muzule cholumikizira pochikoka molunjika, osachipotokola, chifukwa mapiniwo anadutsa m'galasi lotsekera gasi ndipo likasweka kompresa yatha. Mutsala ndi mapini atatu.

Ikani mita pa ma ohm otsika, 200 ngati mita yanu ndi yosankha pamanja. Gunditsani nsonga ziwiri za mita kuti muone zimene mawaya ake okha akuwerenga, mudzachotsere pa zotsatira. Tsopano yezani mapini awiriawiri: loyamba ndi lachiwiri, lachiwiri ndi lachitatu, loyamba ndi lachitatu. Pa kompresa ya inverter yabwino, manambala atatuwa amafanana kapena kusiyana pang'ono kwambiri. Nambala yeniyeniyo imadalira mtundu wa kompresa, ina imakhala pansi pa ma ohm 10, ina imapitirira. Chofunika ndi kufanana. Mukapeza, mwachitsanzo, 12, 12 ndi 12, zili bwino. Mukapeza 12, 8 ndi 8, koyilo imodzi yapsa mkati. Mita ikalemba OL pa mapini ena, kutanthauza kuti magetsi sakudutsa, koyilo yaduka. Zonse ziwirizi zikutanthauza kuti bodi yatsopano siithandiza.

Mukapeza manambala atatu osiyana, pomwe awiri aang'ono mukawaphatikiza akupereka yaikuluyo, mwina kompresa yanu ndi ya mtundu wakale uja, osati ya inverter. Ya LG yolembedwa kuti Linear nayo ili ndi mapangidwe akeake, ilibe makoyilo atatu ofanana, choncho musaiyeze ndi lamuloli.

Kuyeza kwachiwiri ndi kumene anthu amadumpha. Palani penti pang'ono pa chitsulo cha kompresa, kapena gwiritsani paipi ya kopa yotuluka mmenemo. Ikani mita pa ma ohm okwera kwambiri, nsonga imodzi pa chitsulocho, inayo pa pini lililonse. Mita iyenera kulemba OL pa onse atatu. Ikaonetsa nambala iliyonse, magetsi akudontha kuchoka m'koyilo kupita ku chitsulo, ndipo n'kutheka kuti chimenecho n'chomwe chinapha bodi yakaleyo. Wokhala ndi megger, chida chapadera choyezera kudontha kwa magetsi, amapeza kudontha kumene mita wamba siikuona, ndiye ngati bodi yakale yapserera kwambiri ndi bwino kupempha mmisiri ayeze ndi chida chimenechi.

Kompresa imathanso kukhala ndi makoyilo abwino koma itamangika mkati. Chizindikiro chake n'chakuti imagwedezeka ngati ikufuna kudzuka, n'kuleka, bodi n'kudikira pang'ono n'kuyesanso. Mita siona vutoli. Amisiri ena ali ndi kachida koyendetsera kompresa ya inverter payokha, ndipo kuwalipira kuti ayese n'kotchipa poyerekeza ndi kugula bodi pachabe.

Kuyeza bodi

Bodi ya kompresa imafuna zinthu ziwiri kuti igwire ntchito: magetsi, ndi lamulo lochokera ku bodi yaikulu. Bwezerani zonse m'malo mwake, lowetsani pulagi, dikirani mphindi zija. Yezani pa mawaya awiri okhuthala olowa m'bodi: pakhale mavoti pafupifupi 230 a AC. Akasowa, vuto lili m'mbuyo, pa waya kapena pa bodi yaikulu.

Kenaka pali tiwaya tiwiri kapena titatu topyapyala. Timeneti timanyamula lamulo, mavoti ochepa chabe. Pa mabodi ambiri a Embraco lamuloli limabwera ngati frequency, kuchuluka kwa kugunda kwa magetsi pa sekondi, ndipo mita yoikidwa pa Hz imawerenga pakati pa 40 ndi 150 kutengera liwiro lomwe likufunika. Lamulo likasowa, bodi ya kompresa ikungomvera kuti ikhale chete, ndipo wolakwa ndi bodi yaikulu kapena sensa yomwe ikuinamiza kuti mkati mwazizira. Magetsi alipo, lamulo lilipo, makoyilo ndi ofanana, palibe kudontha, koma kompresa siikuyenda: pamenepo mwaigwira bodi.

Musavutike kuyeza mawaya atatu otuluka kupita ku kompresa. Magetsi ake ndi odukaduka mothamanga, mita wamba imapereka manambala osathandiza. Ndipo musazule cholumikizira cha kompresa firiji ili pamagetsi.

Mabodi ambiri ali ndi kanyali kakang'ono komwe kamaphethira. Werengani kuti kakuphethira kangati kasanapume, mulembe. Chiwerengerocho chimatchula vuto, koma tanthauzo lake limasiyana pakati pa makampani, ndiye lifufuzeni ndi nambala ya modelo yanu.

Zulaninso pulagi, dikirani, mutulutse bodi muione ndi tochi. Nunkhizani. Kapasita yotupa pamwamba, kadisiki ka buluu kong'aluka pafupi ndi polowera magetsi, mwaye wakuda, kapena kabowo pa chipangizo chachikulu chakuda chomwe chili pa chitsulo chochotsa kutentha, zonsezi ndi umboni. Mukapeza ndowe za mphemvu kapena buluzi wouma, mwapezanso chifukwa chake. Fyuzi ya pabodi ikaduka musangoisintha, ndipo kumangapo waya n'koopsa. Kawirikawiri imaduka chifukwa china chapsa kutsogolo kwake.

Kugula yoyenera

Bodi ziwiri zimatha kufanana maonekedwe, zolumikizira n'kulowa bwinobwino, koma pulogalamu ya mkati n'kukhala ya kompresa ina. Yotereyi mwina siyatsa n'komwe, mwina imayendetsa kompresa molakwika mpaka kuitenthetsa. Jambulani masitika atatu: ya firiji yomwe imakhala mkati pakhoma kapena kumbuyo, ya pa kompresa, ndi ya pa bodi. Manambala a mabodi a Samsung amayamba ndi DA92 kapena DA41, a LG amayamba ndi EBR. Pa Embraco samalani: VCC3 2456 ndi ya magetsi athu a 220 mpaka 240, pamene VCC3 1156 ndi ya mavoti 115 a ku America, ndipo pa intaneti zimaoneka ngati chinthu chimodzi. Zilembo zotsatira pambuyo pa manambalawa nazo zifanane.

Mu Mzuzu yambani kufunsa kwa okonza mafiriji, chifukwa amasunga mabodi ochotsa pa mafiriji omwe anafa ndi matenda ena. Bodi yakale yochokera pa modelo yofanana ndi yabwino kuposa yatsopano yongofanizira, bola mugwirizane kuti ikakana mubweza, kapena mwini wake adzaiyese yekha pa firiji yanu. Ikasowa, ambiri amaitanitsa ku Lilongwe, ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Tumizani zithunzi za masitika pa WhatsApp, ndipo wogulitsa akutumizireni chithunzi cha sitika ya bodi yomwe ali nayo m'manja musanalipire. Mawu oti ndi yomweyo bwana si nambala. Aikulunge bwino m'katoni, chifukwa katundu wa m'basi amapanikizidwa.

Pali mabodi otchedwa universal. Amatha kugwira ntchito m'manja mwa munthu wodziwa kuwachuna mogwirizana ndi kompresa, koma kwa woyamba kumene ife sitimawalimbikitsa.

Kuika

Pulagi ikhale yozula, kapasita mwaiyeza. Jambulaninso zolumikizira, ndipo zikafanana zilembeni ndi tepi. Zulani chimodzichimodzi mukukanikiza kaloko kake, kugwira pulasitiki osati waya. Masulani masikuluwu. Pa bokosi la Embraco, mukamasula sikuluwu bokosilo limatsetsereka n'kuchoka pa chogwirira chake, kenaka mumazula cholumikizira cha mapini ndi waya wa earth.

Ikani bodi yakale ndi yatsopano pamodzi muzifanizire komaliza. Yatsopanoyo igwireni m'mphepete, ndipo musanaikhudze gwirani kaye chitsulo cha firiji kuti magetsi a m'thupi achoke. Sesani fumbi m'bokosi ndi burashi. Onani mano a zolumikizira: akada kapena akachita zobiriwira ndi chinyezi, apaleni, ndipo olobodoka afinyeni pang'ono ndi pulayala. Cholumikizira cholobodoka chimatentha n'kusungunula pulasitiki.

Lowetsani cholumikizira cha kompresa monga chinalili pa chithunzi, mpaka chikhazikike. Mawaya atatuwo musawasinthanitse. Bwezerani waya wa earth, uja wobiriwira ndi wachikasu, mumange zolimba. Kenaka tiwaya ta lamulo, potsiriza mawaya a magetsi. Ayalitseni kutali ndi paipi yotentha ndi mapiko a fani. Tsekani bokosi musanayatse, chifukwa bodi yolakwika imatha kuphulika kumaso.

Muli pansipo, yeretsani kondensa, mapaipi aja otulutsa kutentha, ndipo zunguzani fani yake ndi chala muone ngati ikuyenda momasuka. Kondensa yodzaza fumbi ndi ubweya imachititsa kompresa kukoka magetsi ambiri, bodi n'kumatentha tsiku ndi tsiku. Onaninso kathireyi ka madzi kamene kamakhala pamwamba kapena pambali pa kompresa: kakang'aluka, madzi amadonthera pa bodi.

Ngati firiji munaigoneka poinyamula, iimikeni maola angapo kuti mafuta a kompresa abwerere pansi. Mukayatsa, dikirani ndithu, dzanja lili pa kompresa. Iyamba pang'onopang'ono n'kumakwera liwiro. Pakatha mphindi 10 kapena 15, paipi yopyapyala yotuluka m'kompresa ifunde, ndipo m'firiza muyambe kuzizira pasanathe ola. Mukamva fungo la kupsa kapena kanyali kakayamba kuphethira monga kale, zulani pulagi msanga. Musadzaze chakudya tsiku loyamba. Ikani thermometer mkati: pakatha maola 24 mbali ya firiji ikhale pa madigiri 3 mpaka 5, firiza ifike pafupi ndi -18.

Kuti bodi yatsopano isafe imfa yomweyo

Mabodi ambiri amafa magetsi akamabwera atathima, kapena nthawi ya ziphaliwali m'dzinja. Gulani fridge guard, kachipangizo kolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi, komwe kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri ndipo kamadikira mphindi zingapo kasanawalole kulowa. Kudikirako n'kofunika pakokha, chifukwa kompresa ikangozima, gasi amakhala atapanikizana mbali imodzi ndipo kuidzutsa pompo kumailemetsa. Komabe kachipangizoka sikangaimitse mphezi yogunda pafupi. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi. Firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola angapo.

Ogwiritsa ntchito jenereta, yatsani kaye jeneretayo ikhazikike musanalumikize firiji, ndipo chotsani firiji musanaizimitse kapena mafuta asanathe, chifukwa ikamatsokomola mavoti amakwera ndi kutsika. A sola, inverter ya sola yanu ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Zotchipa zija za modified sine wave zimatenthetsa mabodi.

Soketi ikhale ndi earth yeniyeni, ndipo firiji ikhale ndi soketi yakeyake, osagawana ndi ketulo kapena hotipuleti. Siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10 kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. M'nyumba zomwe makoma amachita thukuta nthawi ya mvula, mpatawu uwonjezereni, ndipo kawiri pachaka zulani pulagi, tsegulani chivundikiro cha pansi musese fumbi, muonenso ngati mphemvu zayamba kumanga m'bokosi la bodi.